Mlendo wa M'chigubu

Yotamu anabwera nacho usiku wa Lachinayi,
lole ataisiya pachipata cha Mwami ikudikira mapepala:
kachomera ka masamba atatu
m'chigubu cha mafuta ophikira chodulidwa pakhosi.
"Tandisungirako, mlongo wanga."
Ndinafunsa dzina.
Anati anamupatsa ndi mayi wina ku Chipata
pothokoza kuti anamunyamulira makala ulere,
dzinalo akafunsa ulendo winawo.

Ulendo winawo anatibweretsera ndi anzake,
atagona chagada kumbuyo kwa galimoto ya kampani.

Zaka ziwiri tsopano.
Chadya ngodya yonse ya pabalaza,
wailesi ndinachita kuisamutsa.
Tsamba limodzi kuposa lichero,
phuliphuli ngati mwana wodzozedwa mafuta Lamulungu,
ndipo m'khosi mwake mukutuluka mizu ina
ngati zingwe za nsapato,
ikufufuza dothi pa simenti yanga.
Koma masamba ake mabowo okhaokha,
m'mbali mong'ambika ngati ndalama yakale.

A Dzoole, amene akalambira m'fodya ku Mkanda,
anatsina tsamba, nanunkhiza zala zawo.
"Bale si uyu. Kuokushoni angakuseke."
Anachisale anati ndi koko wa kudambo
wangoyamba matama poona malata,
kumba uone, pansipo pali chakudya.
Sindinakumbe.
Mlangizi anachizungulira kawiri manja ali kumbuyo,
nati iye sukulu yake inali ya soya ndi mtedza,
koma mabowowa, mayi, ndi mbozi basi.

Ndinawaza phulusa.
Ndinathira madzi a sopo, a tsabola,
a fodya wotsala wa a Dzoole.
Pakati pa usiku ndinkadzuka ndi tochi,
kuvundukula tsamba lililonse
ngati wapolisi wa pa rodibuloko.
Mbozi osaipeza. Ngakhale chitosi chake.

Wina wa kumpingo anandikokera pambali:
chinthu chopanda dzina sachigoneka m'nyumba,
chimaitana minyama.
Ndinangoti zikomo.
Ndaziona, mwana wanga, anachijambula pa foni,
foni inalavula maina atatu achizungu
aatali ngati a mankhwala a kuchipatala,
iyonso osatsimikiza kuti lenileni ndi liti.
Kenako bandulo inatha.
Pofika m'mawa onse atatu anali atandithawa m'mutu.

Sabata ya mvula yoyamba
chinatulutsa tsamba latsopano,
lopindidwa zolimba ngati kalata ya munthu wamanyazi.
Ndinakoka mpando. Ndinati lero ndiigwira mbalayo.
Masiku anayi ndikulondera,
kuntchito ndinanama kuti ndadwala malungo.
Lachisanu mbandakucha linayamba kufunyululuka,
lanthete, lobiriwira mopepuka, lonyowa ngati kamwana ka mbuzi,
ndipo mabowo anali momwemo kale.
Asanu ndi awiri. Osalala m'mphepete.
Palibe dzino linafikapo.

Kani chimabadwa chong'ambika.

Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo.
Dzuwa litalowa pawindo
linadutsa m'mabowo aja
nkukagwera pa masamba akale a m'munsi,
atatu aja a Yotamu,
amene ndinkaganiza kuti akukhala mumdima.

Ndinatenga kansalu ndi madzi ofunda
kupukuta phulusa lonse, tsamba ndi tsamba,
ndikupepesa chapansipansi
ngati mmene ndinamusambitsira nkhope tsiku lija.

Alendo amafunsabe: maluwa anji amenewa?
Ndimati ndi cha Yotamu.
Anachisale anadzapempha kanthambi kokhala ndi muzu,
kanagwira. Anagawirako mphunzitsi wa ku Kamwendo,
mphunzitsiyo anagawira nesi.

Dzulo pamsika, pafupi ndi ogulitsa zitenje,
ndinamva mtsikana amene sindimudziwa
atanyamula chitini cha penti pamutu,
masamba akugwedezeka pamwamba pake,
akuuza mnzake:
"Ichi amati chayotamu.
Sichifuna dzuwa lambiri,
ndipo ukaona mabowo usachite mantha,
ndi mmene chilili."

Sindinamukonze.
Ndinagula tomato wanga
ndi kuiwala chenje.