Msoko wa pa Bangula

Mwezi woyamba a Alufandika sanandipatse moto.
Anandipatsa tupa, nati dzimbiri lichoke.
Ndinakhula zitsulo pansi pa mtengo wa nimu
dzuwa la Okutobala likuwotcha ngakhale mthunzi,
akabaza akundiseka pamsewu:
Fayinesi, ukwatiwa ndi nyundo?

Tsiku limene ndinagwira waya
ndinasuzumira kuwala kuja popanda galasi lakuda,
kamodzi kokha, ngati wakuba.
Usiku m'maso munadzaza mchenga wa Shire yense.
Amayi anandiika mbatata zodula pazikope,
nati bola ukanapita kukadula nzimbe ku Nchalo,
kumeneko munthu amachekeka dzanja, maso amatsala.

Msoko wanga woyamba
a Alufandika anauyang'ana nthawi yaitali.
Zitosi za nkhuku, anatero,
nakweza nyundo. Kamodzi.
Zitsulo ziwiri zinasiyana ngati zinali zisanaonanepo.

Dzanja lisathamange, mwanawe.
Mvera phokoso: likamalira ngati nsomba m'mafuta, wagwira.
Likamatsokomola, watalikira.
Ndinaphunzira kupuma pang'ono,
kugogoda nkhanambo kuti ndione chilonda ngati chapola,
kuwerenga mamilimita pa tepi yofufutika manambala.
Magetsi akazima tinkakhala pa matayala
n'kumajambula mafelemu a mawindo padothi
mpaka Escom itatikumbukira.
Mbaliwali zinandiboola andiloko zitatu
ndi khungu lapamwamba pa phazi.

Kenako Lachinayi lina, nyengo ya thonje,
a Thengo anabwera wapansi, ng'ombe atazisiya pa Phokera,
ekeselo ya ngolo ili paphewa, yothyoka pakati.
Mphunzitsi anali ku maliro ku Tengani.
Anayang'ana uku ndi uku kufuna mwamuna.
Panali ine, ndi galu.

Ndinasongola m'mbali monse muwiri,
ndinalumikiza, ndinatembenuza, ndinadzaza katatu,
thukuta likulowa m'kamwa ngati mchere wa m'dambo.
Nditatha ndinawapatsa nyundo ija.
Menyani.
Anamenya mwaulemu.
Ndinati menyani ngati muli nayo ngongole.
Chitsulo chinalira, nichikana.
Takhuta, anatero, akuwerenga ndalama mosayang'ana nkhope yanga.

Pepala la mayeso ndinakalitenga ku Ngabu chaka chotsatira.
Lili mu jumbo, pamwamba pa mtanda wa denga,
poti kuno madzi akabwera sagogoda.
Sindilitsitsa kawirikawiri.

Koma m'mawa uliwonse isanakwane sikisi
ngolo ija imadutsa pa shedi yanga,
lero mabelo, mawa njerwa, tsiku lina mayi wodwala
atagona pa mphasa kupita ku Kalemba.
A Alufandika maso anachita chifunga tsopano,
amakhala pa tayala lomwe lija
n'kutchera khutu ngolo ikamagunda m'maenje.
Sanena kanthu.
Ine ndimawerama, ngati ndikutola ndodo yagwa,
n'kuyang'ana pansi pake.