Gawo Lachiwiri

Filimu ija tinaionera m'baraka ya Anastasiyo,
kuseri kwa msika wa ku Ulongwe,
pa mabenchi otsina matako,
mametikali asanu pakhomo.
Ngwazi inagwetsa amuna makumi anayi
malaya ake osada ngakhale pakolala,
inanyamula mkazi, inakwera galimoto yofiira,
nyimbo n'kulira, nkhani n'kutha,
ife n'kutuluka, mvula ya Januwale ikutidikira panja.

Tinaionera kasanu ndi kawiri.
Ulendo wotsatira Felizarda anafunsa mumdima:
"Nanga m'mawa mwake anadya chiyani?"

Funso limenelo ndi limene linabala gawo lachiwiri.

Tinalijambula ndi foni yong'aluka galasi
yobwereka kwa mphunzitsi wa ku Domwe.
Mfuti inali mpini wa khasu.
Magazi anali phwetekere woola,
ntchentche n'kulowa m'sewero osaitanidwa.
Mdani yemwe anafa m'gawo loyamba tinamuukitsa,
poti Jeremiyasi yekha ndiye anali ndi njinga yamoto
ndipo anati akapanda kuoneka nkhope
tiziyenda pansi.

Ngwazi yathu tsopano yatuluka chimimba.
Ikati iponye mwendo, msana ukuti dikira kaye.
Galimoto yofiira ija yakhala pa njerwa,
nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala.
Mkazi wopulumutsidwa uja akufunsa ndalama ya sopo.
Amuna makumi anayi aja anasiya akazi amasiye,
onse afika pakhomo, ana ali kumsana,
ndipo ngwazi ikukwawa m'munda wa kachewere
kubisalira wokhometsa msonkho wa pamsika.

Amene anasewera ngwazi ndi mkulu wanga Horasiyo.
Yemwe uja anapita ku Moatize
ndi chipewa cholimba ndi nsapato zachitsulo kumphuno.
Tinamperekeza pa chapa ngati mkwati,
amayi akuuza aliyense kuchigayo
kuti malasha atimangira nyumba ya malata.
Anabwerako patatha zaka zinayi
ndi chifuwa, wailesi,
ndi kalata ya Chipwitikizi
imene tonse tinaiwerenga koma palibe anaitchula.
Miyezi isanu ndi umodzi sankadutsa pamsika masana.

Tsiku loonetsa, baraka inadzaza mpaka pakhomo,
ana akusuzumira m'mabowo a misomali.
Anastasiyo anakweza mtengo, palibe anadandaula.
Horasiyo atadumpha ngalande n'kugweramo chagada
jenereta inazima,
anthu n'kupitiriza kuseka mumdima momwemo.
Mayi wogulitsa kabichi anaseka mpaka kudzutsa mwana.
Wosintha ndalama wa ku Kalomwe,
munthu amene sitinaonepo mano ake,
anagwira nthiti, akupempha madzi.

Ine ndinatembenuka kuyang'ana mkulu wanga.
Anakhala kumapeto, pafupi ndi chitseko,
pamalo a munthu wokonzeka kuthawa.
Ankaseka.
Ankatsokomola, n'kusekanso,
akupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.
Moto utabwera, chipewa chake cholimba chija
chinaoneka pa kanema, nkhuku zikumweramo,
ndipo ndi iye amene anayamba kuomba m'manja.

Gawo loyamba timalilandira ngati mlendo wovala suti:
timampatsa mpando wabwino, sitimfunsa zambiri.
Lachiwiri ndi msuweni wake,
wodziwa kuti sutiyo ndi yobwereka
ndi kuti sokosi yabooka pachidendene,
ndipo mwambo umamlola kunena pagulu
popanda mlandu.
Sitiseka poti ngwazi timadana nayo.
Timaseka poti yafika kwathu tsopano,
yakhala pansi, yavula nsapato,
ikufunsa mtengo wa feteleza.

M'mawa mwake Horasiyo anadutsa pakati pa msika dzuwa lili paliwombo.
Anyamata a njinga anamuimira sawasha,
iye n'kugwira msana, kutsimphina dala.

Tsopano akutivutitsa za gawo lachitatu.
Horasiyo akuti asewera tikamlipira,
ndipo ngalandeyo ikhale youma.
Jeremiyasi akufuna afenso, koma pang'onopang'ono.
Foni ija mwini wake anaitenga.
Felizarda wakhala chete masiku atatu,
ndipo tonse tikudziwa kuti ali ndi funso lina.