Njinga Yatsamira Khoma

Chinandipeza Lachiwiri, chiperoni chitameza phiri,
ndikuchokera ku Chinamwali
ndi mayi wa dengu la matemba a ku Kachulu pakaliyala.
Pakhosi panayamba kukanda ngati ndameza mankhusu.
Ndinati ndi fumbi la malole a miyala.
Pofika usiku mano anali gwegwegwe,
mabulangete awiri, jekete ya mlamu pamwamba,
koma mphepo itakhala m'kati mwa mafupa.

Lachitatu ku Matawale anandibaya chala.
Tinadikira kamzere kachiwiri, sikanatuluke.
"Si malungo," anatero a Chipojola,
maso ali pa kabuku kanga kothimbirira.
"Ndi chimfine chachikulu chija. Panado, madzi ambiri, kagoneni."
Ndinapempha jakisoni, ngakhale makapisozi amitundu iwiri aja.
Anaseka. "Kachilombo aka sikamva zimenezo.
Thupi litentha masiku atatu, mwina anayi.
Ikatha sabata mudzadzuka.
Chifuwa ndiye mlendo wosadziwa kutsanzika,
chimatha masabata awiri, atatu, chili pakhomo.
Koma mpweya ukayamba kupelewera,
kapena kutentha kukachoka n'kubwereranso,
musadikire kuti kuche."

Sabata!
Amayankhula bwino anthu olandira pamwezi.
Ine chakudya changa chili m'miyendo.

Lachinayi ndinawerenga zibowo za misomali pamalata,
makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi,
kenako zinayamba kuyenda ngati nyerere.
Sigele anathyola masamba a bulugamu kuseri kwa tchalitchi,
nandifunditsa chitenje pamwamba pa chidebe cha nthunzi.
Ndimu, jinja, madzi otentha m'kapu yothyoka chogwirira.
Zonse zinkakoma ngati katoni.
Panja ndinkamva mabelu a anzanga,
ngili ngili, akutola makasitomala anga mmodzimmodzi.
Njinga yanga yatsamira khoma,
tayala lakumbuyo likutulutsa mpweya mwakachetechete,
kangaude wayamba kale kumanga pa masipoko.

Lachisanu usiku thukuta linanyowetsa mphasa.
M'mawa mutu unapepuka, ndinati basi, ndachira.
Sigele anati, "Mwaiwala kuwerenga?"
Ndinapopa tayala osamuyankha.

Pa mtunda wopita ku Chirunga
miyendo inasanduka thonje lonyowa.
Mnyamata wa sukulu amene ndinanyamula anatsika,
nandiyang'ana ndikutsokomola ndagwira mawondo,
kenako anakankha njinga yekha mpaka pamthunzi,
mabuku ake ali pakaliyala ngati ndiwo kasitomala.
Anandilipira ndalama yonse.
Manyazi amenewo anawawa kuposa mutu.

Ndinabwerera pamphasa masiku ena atatu.
Ngongole ya sopo ndi shuga kwa Abiti Jafali
inakula msanga kuposa mphamvu zanga.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, m'mamawa,
china chake chinalowera pansi pa chitseko:
anyezi, wina akukazinga anyezi kwa aneba.
Ndinakhala tsonga, kununkhiza ngati galu.
Mphuno zanga zabwerako kumene zinapita!
Ndinadya mbatata zitatu, n'kufunsa ngati yatsala ina.

Lero ndi sabata yachitatu.
Ndikupalasa, koma maulendo aafupi,
Mpondabwino, kumsika, depoti, basi.
Mlendo uja akadali m'chifuwa,
amagogoda m'bandakucha ndi pamlatho wa Likangala
pamene mphepo ya mumtsinje imandipeza ndatsegula kukamwa.
Makasitomala amapendekera kumbuyo ndikatsokomola,
ndimawauza kuti zinatha, awa ndi mapazi ake chabe.

Dzulo madzulo ndapeza Sigele wakhala pakhonde,
jekete ya mlamu ili pamapewa, dzuwa lisanalowe.
Akuti pakhosi pakukanda, mwina ndi utsi wa mbaula.
Sindinatsutse.
Ndatsamiritsa njinga pakhoma pomwe paja,
ndatenga chidebe,
ndikupita kuseri kwa tchalitchi,
ndipo m'njira ndayamba kuwerenga: loyamba.