Chionetsero cha m'shedi ya mbatata

Ine ndimalemba zikwangwani pa Lizulu:
"Nyama yootcha pano", "Ngongole mawa".
Koma usiku wa Lachitatu, chifunga chitameza msewu,
ndinalota atandipatsa makiyi a shedi ya mbatata,
ija idasasuka denga mbali yoyang'ana ku Mozambiki.
Amvekere: itana anzako, aliyense apachike chimene ali.

Anayamba kufika ndi Esinta Nabiyeni,
telala wa pakhonde la chigayo,
atasenza zitenje zamisonkhano za malemu mayi ake,
zisanu ndi ziwiri, chilichonse ndi chipani chake,
nkhope zonse atazidula bwinobwino ndi lumo.
Anaziyanika pa waya pakati pa shedi.
Ukasuzumira pabowo
umapeza diso la munthu wa mbali inayo
nalonso likukusuzumira.

Zuze, amene kusukulu ya ku Mlanda ankamulemba kuti Yosefe,
anayala mphasa nathira mzere wa laimu
kudula mphasayo pakati.
Kumutu anaika foni, kumiyendo ina.
Iliyonse inkalira pa nthawi yake
kumulandira m'dziko limene sanachokemo.
Pansi analemba ndi khala: Ndimagona apa.

Lufeyo Ngozo anabwera pa njinga yakabaza
ndi miphika khumi ndi umodzi yokulunga m'udzu.
Mumphika uliwonse adatsekeramo liwu limodzi la Chingoni,
okhawo amene adatsalira m'kamwa mwa bambo ake.
Kuti umve, unkayenera kugwada, khutu pakamwa pa mphika.
Iwiri inkangolira mphepo.
Mayi wina anagwada nthawi yaitali pa wachisanu,
podzuka akusasa fumbi m'maondo anati:
ili ndi la ng'ombe yopanda nyanga,
kapena n'kutukwana, kaya, ndaiwala.

Mtsikana wa kwa Masasa uja adabwerako ku Joni
anangotsekula sutikesi n'kukhala pambali.
Munali maepuloni anayi osita bwino,
iliyonse itapetedwa dzina
limene mabwana ankamuitanira m'khitchini
poti lake linkawapinda lilime.
Ndinamupatsa kapepala kuti alembe mwini ntchitoyi.
Anakapinda kanayi, nakaika m'thumba.

Changa chinali kumapeto, pafupi ndi sikelo yadzimbiri:
thabwa lalitali ngati chitseko cha tchalitchi,
ndidalembapo funso lija la anthu a kalembera,
Mtundu, ndi timadontho totsatira.
Mayi anga Mchewa wa kwa Kaphuka,
bambo Mngoni wongodziwa kuvina,
mchombo wanga udakwiriridwa tsidya la msewu
chaka chimene anthu ankathawira kuno.
Ndinasiya burashi ndi chitini cha penti pansi.
Wina analemba: mkamwini.
Wina: wa kabichi.
Wina analemba Mngoni, mnzake n'kufufuta, iye n'kulembanso.
Kamwana kena, kosafikira pamzere,
kanajambula mbuzi m'munsi mwake.

Anthu anadzaza. Amayi a tomato anasiya milu yawo,
kondakitala analowa minibasi ikulira panja,
wosintha ndalama anaima pa mphasa ya Zuze
mwendo uku, mwendo uku, osaseka.
Kenaka okhometsa msonkho a mbali zonse ziwiri
anayamba kukangana pakhomo
kuti shediyi ili m'buku la yani.

Kugogoda kwawo ndi kumene kunandidzutsa.
Koma anali Kadzakumanja, atanyamula thabwa pamutu,
chisanu chikumutulutsa utsi m'kamwa.
Akufuna chikwangwani cha golosale yake yatsopano,
uku Chichewa, uku Chipwitikizi,
kuti wochokera kulikonse awerenge.
Ndinalitembenuza thabwalo, chala changa chikuyenda
m'mphepete mwake mopyapyala, momwe mbali ziwirizo zimakumana.
Nanga umu tilembemo chiyani?
Anandiyang'ana ngati ndalawira kachasu.
Penti wadula, iwe. Musiye momwemo.