Kabuku ka Wosunga Sikelo

Phewa langa linaguluka pa mpikisano wachitatu,
ndiye anandipatsa kabuku ndi sikelo.
Ntchito yanga tsopano n'kulemba
amene wagwetsa, amene wagwetsedwa,
ndi makilo a aliyense m'mamawa
dzuwa la ku Ngabu lisanayambe kukazinga malata a koleji.

Tafika pakatikati.
Mipikisano isanu ndi itatu yadutsa, tapambana isanu.
Itatu inayo musandifunse.
Umodzi tinagonja osagwira munthu:
minibasi inafera pa Bangula,
tinakafika anzathu akumanga kale zingwe za nsapato.

Pogwetseranapo pathu ndi matiresi akale a kuhositelo
osokerera m'masaka a shuga a ku Nchalo.
Ukagwa chafufumimba
umawerenga zilembo za pasaka ndi mphuno.
Thukuta la dzulo silinaume, taonjezera lina.

Zuze sanagonepo chagada chaka chino.
Miyendo yake inakhwimira m'matope a ku Ndindi
akukankha bwato la bambo ake,
ukamukumbatira ngati wakumbatira mtondo.
Koma sikelo sadziwa mbiri ya munthu.
Wapitirira ndi magalamu mazana asanu ndi atatu.
Mayi ake atumiza milamba yowamba m'katoni,
waikankhira kunsi kwa bedi,
usiku ndimamumva akuitsegula, kununkhiza, n'kutsekanso.
Masana amathamanga atavala thumba la pulasitiki
kukafika kumsika wa ng'ombe,
ogula amamuseka, amati nayenso akufuna mtengo wabwino.

Esinala wapambana kanayi,
katatu popanda womukhudza:
sukulu zinazo zilibe mtsikana wa makilo ake.
Woimbira amamukweza dzanja,
iye amayang'ana pansi ngati waba.
Ukali wake amathira pa anyamata athu omwe.
Lachiwiri anamunyamula Bizeki
n'kumutula pansi ngati mtolo wa thonje,
Bizeki mpaka lero akuti anaterereka.

Aphunzitsi Tembenu masana amaphunzitsa kuwotcherera zitsulo,
madzulo amabwera akununkha utsi.
Mawu awo ndi omwewo:
musayang'ane maso, maso amanama,
yang'anani chiuno.
Wotchi alibe. Amawerenga mphindi
pomenya sipanala pa chitsulo cha zenera.

Ndime yotsiriza ili kumtunda, mu Febuluwale.
Chigwa chonse chapatsidwa malo awiri okha.
Ndawerengetsera kuseri kwa kabukuka kangapo:
tikawagwetsa a ku Nsanje kwawo,
a ku Chikwawa akapunthwa kamodzi,
Zuze akaiwala katoni ija,
bondo la Bizeki likapirira,
mtsinje wa Mwanza ukapanda kudula msewu
monga unachitira chaka chatha,
tikwera Thabwa.
Zokayikitsa zachuluka kuposa anyamata amene tili nawo.

Akumtunda amati dzuwa linatiphika kale,
timangodikira kupakulidwa.
Ali ndi matiresi a buluu ochokera kunja
ndi nsapato zogulira masewerawa.
Aphunzitsi amangoseka:
amene wapuma mpweya wa Novembala kuno
mphindi zisanu ndi imodzi n'chiyani?
Sindidziwa ngati amakhulupirira okha.
Ndinawaona akufunsa mtengo wa basi yonse
kenaka mtengo wa mipando itatu.

Dokotala anati masabata asanu ndi limodzi.
Ndawerenga asanu.
Onse akapita kukasamba pa mjigo
ndimatsala ndekha ndi fungo lawo,
ndimakweza mkono pang'onopang'ono,
umafika pa khutu, n'kukana.
Dzulo unapitirira khutu ndi chala chimodzi.

Ndiye ndinavula malaya, ndinakwera pasikelo.
Muvi unanjenjemera, n'kuima pomwe unkaima kale.
Pansi pa mayina onse, pamzere wopanda munthu,
ndalembapo langa ndi pensulo,
mopepuka,
kuti Aphunzitsi akafunsa
ndidzati ndimangoyesa ngati ikulemba.