Zomwe ndimanyamula usiku ku Sunderland

Makiyi makumi atatu ndi awiri pa lamba,
tochi, kawailesi kolankhulira ndi Dermot wa ku geti,
kabuku kolembamo yemwe wasanza pa masitepe.
Zida zanga zathera pomwepo.
Mphepo ya kuno imalowa m'jekete ngati mwini ngongole,
sigogoda.

Lachitatu ophunzira anachita mtsutso m'holo ya pansi.
Ine ndinangobwera kudzazimitsa magetsi,
koma ndinaima pakhomo, nditafumbata makiyi kuti asalire.
Tanner, mnyamata wa ku Amereka, wa chaka chimodzi chokha kuno,
anati kwawo kuli masukulu
komwe munthu amabisa mfuti m'chiuno
n'kulowa nayo m'kalasi ngati cholembera.
Anati woipa akafika, wabwino asapezeke chimanjamanja.
Sanalankhule mwamatama, ayi.
Mawu ake ankanjenjemera,
mawu a mwana amene anagonapo pansi pa desiki
akumvetsera nsapato m'khonde.

Imogen anamuyankha ndi ziwerengero,
anzake anaomba m'manja,
kenako onse anatsikira kumowa.
Mlonda safunsidwa.

Akanandifunsa ndikanati:
ndinaigwira zaka zisanu ndi chimodzi,
pakhomo la banki ku Limbe.
Imayamba kukoka phewa, kenako imakoka maganizo.
Ukakhala nayo, aliyense wopisa dzanja m'thumba
amaoneka ngati akubwerera iwe.
Tsiku lina ndinaloza kamnyamata kogulitsa mayunitsi.
Kankangofuna chenje.
Chala sichinakoke.
Mpaka lero sindidziwa chifukwa chake,
ndipo sindinganame kuti unali ubwino wanga.

Koma imeneyo ndi nkhani yakale, ya kwathu.
Ya kuno ndi iyi.

Mwezi wa Meyi, nyengo ya mayeso,
nyumba ino imapuma movutikira.
Ana mazana anayi, aliyense m'kabokosi kake,
ketulo, mabuku, nyali yosazima.
Chaka chatha, cha m'ma 3 koloko usiku,
ndinagogoda pa 214
chifukwa mnzake anati foni ikungoitana.
Kiyi wachisanu ndi chiwiri ndiye anatsegula.
Ndinamupeza atakhala pansi, msana pa bedi,
maso ali gwa,
kalata ya kwa mayi ake atalemba kale, atapinda bwinobwino.
Ndinakhala naye pansi pomwepo, mawondo anga akudandaula.
Ndinamufunsa za mpira, sanayankhe.
Ndinamuuza mtengo wa tomato ku Ndirande, anaseka pang'ono,
kenako analira.
Tiyi anazizira m'makapu
mpaka a chipatala anafika.

Mphindi makumi anayi.
Ndinazilemba m'kabuku, pakati pa bomba lodontha
ndi njinga yobedwa.
Mfuti sipatsa munthu mphindi makumi anayi.
Sidikira mlonda wotsimphina
kuti amalize masitepe.

Tanner, sindikuti mantha ako ndi abodza.
Nanenso chitseko cha kuseri chikamenyetseka ndi mphepo,
dzanja langa limathamangirabe m'chiuno
n'kukapeza makiyi.
Kunonso magazi amakhetsedwa, mipeni iliko,
ndipo woipa uja akadzabweradi
tochi yanga sidzamubweza. Ndikudziwa.
Ndimaganiza zimenezi basi ikachedwa.
Koma woipa wako ndamudikira zaka zisanu ndi zinayi
osamuona nkhope,
pamene usiku woipa umabwera teremu iliyonse,
uli ndi kiyi wakewake,
ndipo umadziwa kabati iliyonse m'nyumba muno.

Mu Julaye ndinamuona wa 214 uja
atavala mkanjo wakuda, chipewa chitapendama,
mayi ake akumukonza kolala, iye akukana.
Sanandione.
Ndinali nditaweruka, maso akuyabwa tulo,
ndikuthamangira basi ya ku Pallion,
makiyi nditasiyira Dermot.