Malaya a Gelesomu

Anabwera nawo m'jumbo ya shuga, malayawo,
opindidwa bwino, kolala yodyeka ndi thukuta.
"Mundipetere njinga pamsanapa," anatero Esinati.
"Inali yakuda, kaliyala yake yowotcherera kawiri."
Sanafunse mtengo.
Nanenso sindinautchule.

Gelesomu ndinkamudziwira kumsana.
Ndiye ankandinyamula Loweruka lililonse
kuchoka ku Navutika mpaka kumsika wa Kapata,
ine pakaliyala, mtolo wa salaula pamiyendo,
maso anga pachigamba chobiriwira cha paphewa lake
chosokedwa ndi munthu wachikondi koma wosadziwa singano.
Zaka zinayi ndikuchiyang'ana chigambacho,
zala zikundiyabwa kuti ndichikonze.
Lero chili m'manja mwanga
ndipo sindichikhudza.

Ulusi wanga sindigula m'sitolo.
Ndimamasula majuzi a anthu akumaiko ozizira
amene sadzamva n'komwe za mtsinje wa Lunkhwakwa,
ndimauviika m'madzi otentha kuti uiwale kupotana kwake,
n'kuuyanika pawaya wa aneba
omwe amati ndikuwononga zovala zabwinobwino.
Chokungira nsalu ndi mkombero wa lichero lakale.
Singano ndili nazo zitatu.
Yokhota ija ndiyo imandimvera.

Gudumu lakutsogolo linandidyera masiku awiri,
lozungulira ngati ndalama yachitsulo,
masipoko ali ndondondo.
Ndinaliyang'ana m'mawa, n'kulizula lonse ndi lezala.
Gudumu la Gelesomu silinali laulemu chotero:
linkavina, linkakhula foloko,
kwe, kwe, kwe, potsetsereka,
iye n'kumaseka kuti ndilo belu lake.
Ndinalipetanso lopindika.

Mabaji a sukulu makumi atatu akundidikira m'beseni,
ndiwo amalipira lendi.
Amayi a Chigwirizano atumiza kale mwana kawiri
kufunsa za nsalu yawo ya patebulo.
Tiyezye wanga akuti,
"Amama, malaya a munthu wakufa adzagula ndani?"
Palibe, mwanawe. Ndigwirire tochi,
magetsi apitanso.

Chovuta chinali fumbi.
Fumbi la mu Okutobala si lofiira, si lachikasu,
lili ndi mtundu wa chifuwa chouma.
Ndinapota ulusi uwiri pantchafu,
wa juzi la mwana ndi wa sikafu ya nkhalamba,
mpaka unayamba kundikereketa pakhosi.
Pamenepo ndinadziwa kuti wafika.

Lole ya thonje ija sindinaipete.
Inakwana kale m'maso mwa onse amene anaiona
pamsewu wopita ku Mwami,
thonje lili mbuu m'ngalande
ngati kuti wina wang'amba mtsamiro wa Mulungu.
Pansalu yanga msewu ndi wopanda kanthu
ndipo ukupitirira mpaka m'khwapa.

Esinati anabwera tsiku lachisanu ndi chinayi.
Anawatembenuza kaye kunsi,
kumene kuli mfundo, michira ya ulusi,
ndi zipsera za gudumu loyamba lija.
Anasisita ndi chala chachikulu, osayankhula.
Kenaka anawatembenuzanso.
"Koma pachishalo palibe munthu."

Ndinalibe yankho lokonzeratu.
Nkhope yake sindinaisunge bwino,
ndinkangodziwa khosi ndi mapewa.
Ndinati, "Tavalani."

Anavala pamwamba pa bulauzi,
manja a malaya akulendewera kupitirira zala.
Anamanga mabatani atatu, lachinayi linasowa kale.
Anandisiyira mtedza wosasenda m'chitini cha penti
ndi makwacha opindapinda amene sindinawerenge.

Ndinaima pakhomo kumuyang'ana akupita,
akulambalala matope a pampopi,
ndipo pa phazi lililonse nsalu inkakoka,
gudumu lopindika lija n'kumagwedera.
Msana womwe uja, chigamba chomwe chija.
Ndinatsala pang'ono kukuwa kuti andidikire.

Ndinabwerera m'nyumba,
n'kutola baji loyamba m'beseni.